Kagwiridwe ka Mfuti pa Mpikisano wa Chandamale

Nkhani ya lero, kwa omvera a m'maboma onse, ndi ya masewera amene samveka kawirikawiri pa wailesi, ndiwo mpikisano woombera chandamale ndi mfuti yaing'ono ya m'manja, imene ambiri amaitchula kuti pisitolo. Nkhaniyi iyambira kwa Inkosi Msakambewa, m'mapiri a Dowa oyandikana ndi Ntchisi, chifukwa vuto limene limasautsa akatswiri a masewerawa lero lino lidasautsanso alenje a kumeneko kalekale.

Pamene Mbusa Robert Blake ankatsegula mishoni ya Kongwe m'chaka cha 1894, mfuti zinali zitafika kale m'chigawo chapakati. Zinkabwera ndi amalonda a minyanga ndi akapolo, makamaka kudzera ku Nkhotakota kwa Jumbe. Angoni a Msakambewa ndi a Chiwere ankadalira chishango, nthungo ndi chibonga, koma m'midzi ina munkapezeka mfuti za gogodera, zija zothira onga cha kukamwa ndi kutsendera ndi kandodo. Nkhondo zitatha, mfuti zimenezi zidasanduka alonda a minda, zopirikitsira nguluwe ndi anyani.

Mlenje aliyense wa gogodera ankadziwa zinthu ziwiri. Choyamba ndi chakuti mfuti imabwezera: ikalira imamenya phewa la mwini wake, ndipo wothira onga wambiri ankabwerera kumudzi phewa litatupa. Chachiwiri ndi chakuti mfuti zakalezo, makamaka zoyaka ndi mwala, zinkayamba zazengereza pang'ono munthu atakhethemula kale. M'kanthawi kochepa kameneko mlenje wamantha ankatsinzina, nagwedeza mkono podikira kumenyedwa phewa, nguluwe nkupulumuka. Phunziro la nkhani yonse ya lero lagona pamenepa: munthu woopa kukankha kwa mfuti amaphonya mfutiyo isanalire.

Tsono masewera ake ndi otani? Kuombera chandamale kudali m'gulu la masewera a Olimpiki oyamba a makono, amene adachitikira ku Athens mu 1896, ndipo bungwe loyang'anira masewerawa pa dziko lonse, limene lero limatchedwa ISSF, lidakhazikitsidwa mu 1907. Umodzi mwa mipikisano yake ndi wa pisitolo yoombera ndi mpweya m'malo mwa onga, umene udalowa m'Olimpiki ku Seoul mu 1988. Wopikisana amaima pa mtunda wa mamita 10 kuchokera pa chandamale, naombera zipolopolo 60 m'mphindi 75. Kabwalo ka pakati pa chandamale, kamene kamapatsa mapointi 10, ndi ka mamilimita 11.5 m'mimba mwake, kofanana ndi batani la malaya. Lamulo limati mfuti igwidwe ndi dzanja limodzi, mkono utatambasuka popanda chotsamira. Katswiri wa ku South Korea, Jin Jong-oh, adapeza mapointi 594 mwa 600 m'chaka cha 2009, kutanthauza kuti zipolopolo zosachepera 54 mwa 60 zidakhudza kabatani kaja.

Pisitolo ya mpweya siikankha kwenikweni. Kukankha kumayamba kuoneka pa mpikisano wa changu, wa mamita 25, umene mfuti zake ndi za onga. Kumeneko munthu amaombera zandamale zisanu motsatizana m'masekondi 8, kenaka m'masekondi 6, ndipo pomaliza m'masekondi 4 okha. Mfuti ikadumpha nkuchedwa kubwerera m'malo mwake, nthawi imamuthera munthu asanafike pa chandamale chachisanu.

Chifukwa chimene mfuti imakankhira adachifotokoza Isaac Newton wa ku England m'chaka cha 1687. Iye adaonetsa kuti chinthu chikakankha chinzake, nacho chimakankhidwa ndi mphamvu yofanana kulowera kwina. Msodzi wa ku Senga Bay akalumpha m'bwato kupita kumtunda, bwato limasendera m'madzi. Onga ukapsa umasanduka mpweya wotentha wofuna potulukira. Umakankha chipolopolo kutsogolo, nukankhanso mfuti kumbuyo. Chipolopolo cha pisitolo ya mamilimita 9 chimalemera pafupifupi magalamu 8, ndipo chimatuluka pa liwiro la pafupifupi mamita 350 pa sekondi. Mfuti yake ikhoza kulemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Itapachikidwa pa chingwe popanda woigwira, ingabwerere m'mbuyo pa liwiro la pafupifupi mamita 3 pa sekondi, ngati munthu wothamanga mosafulumira. Mphamvu yotere singagwetse munthu wamkulu. Chimene chimaopsa wophunzira ndi phokoso ndi kudzidzimutsa kwake.

Palinso china. Mpope wa pisitolo umakhala pamwamba pa dzanja loigwira, motero kukankha kuja kumadzera pamwamba, mfuti nipendekera kumwamba pa mfundo ya dzanja. Amayi onse amadziwa kuti mtondo ukaukankha kumutu umagwa, koma ukaukankha kutsinde umangosendera. Dzanja likakhala kutali ndi mpope, mfuti imadumpha kwambiri. Likayandikira mpope, kukankha kumalowa m'mkono, ndipo kukamwa kwa mfuti kumakwera pang'ono chabe.

Omvera angaganize kuti kudumpha kumeneku ndiko kumaphonyetsa. Koma chipolopolo chimatuluka mu mpope m'kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, pamene thupi la munthu limatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi kuti liyankhe chimene diso laona. Pamene woombera akumva mfuti ikumukankha, chipolopolo chimakhala chitafika kale pa chandamale. Choipa chimachitika poyamba. Thupi, pokumbukira kulira ndi kukankha kwa nthawi yapita, limadziteteza lokha: maso amaphethira, zala zimafinya, ndipo dzanja limakankhira mfuti pansi isanalire. Nchifukwa chake zipolopolo za ophunzira ogwiritsa ntchito dzanja lamanja nthawi zambiri zimagwera pansi cha kumanzere kwa chandamale.

Aphunzitsi ali ndi njira yoonetsera zimenezi poyera. Amasakaniza chipolopolo chabodza, chopanda onga, pakati pa zenizeni, wophunzira osadziwa pamene chili. Akafika pa chimenecho mfuti imangoti khethe osalira, koma onse oonerera amaona kukamwa kwake kukugwadira pansi. Palibe chimene chaikankha. Dzanja la mwini wake ndilo laigwetsa. Wophunzira amene ankadandaula kuti mfuti yake ndi yokhota amasowa chonena tsiku limenelo.

Mankhwala a nthendayi amayambira pa kagwiridwe. Mphanda ya pakati pa chala chamanthu ndi chala chamkombaphala iyenera kukhala pamwamba penipeni pa chogwirira cha mfuti, osasiya mpata. Mpope ndi mkono zikhale pa mzere umodzi, kuti kukankha kudzere m'mafupa mpaka ku phewa. Zala zitatu za m'munsi zimakanikizira chogwirira m'chikhatho molunjika kumbuyo, chala chamanthu chitangogona pambali osakankha. Mfundo ya dzanja, pamene pamakhala wotchi, ikhale yolimba ngati yomangiriridwa ku thabwa, pakuti mpomwe mfuti imafuna kupindira.

Za kuchuluka kwa mphamvu, mlimi wa ku Dowa alibe chachilendo. Wogwira mpini wa khasu mofinya kwambiri amatopa dzuwa lisanakwere, ndipo wougwira molekerera khasu limamupulumuka. Aphunzitsi ena amauza wophunzira kuti afinye chogwirira mpaka dzanja litayamba kunjenjemera, kenaka alekerere pang'ono mpaka kunjenjemerako kutatha. Pamenepo ndiye pa muyeso wake. Chofunika koposa ndi chakuti muyesowo usasinthe. Mfuti imayamba kusuntha pang'ono chipolopolo chikadali mu mpope, motero wogwira molimba pa chipolopolo choyamba, nagwira mofewa pa chachiwiri, amaboola malo awiri osiyana ngakhale atalunjika pamodzimodzi. Pa chifukwa chimenechi akatswiri a Olimpiki amagwiritsa ntchito zogwirira za mtengo zosemedwa molingana ndi chikhatho, ndipo amazipala ndi kuzimata mpaka dzanja litamalowa njira imodzi yokha, monga phazi mu nsapato yozolowera.

Akuluakulu adati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma pa masewera awa ntchito yovuta koposa ndiyo kuphunzitsa chala chimodzi kuyenda chokha. Womvera aliyense angathe kuyesa pomwe wakhalapo: atambasule dzanja, napinde chala chamkombaphala pang'onopang'ono. Aona chala chapakati chikufuna kutsatira. Zili choncho chifukwa minofu yopinda zala ili m'mkono ndipo imakokerana. Pa mfuti, chala chokhethemulira chikapinda, zala zina nazo zimafinya mwini wake osadziwa, ndipo mpope umapatuka. Katswiri amazoloweza chalacho kukoka kachitsulo kokhethemulira molunjika kumbuyo, mphamvu ikuwonjezeka pang'onopang'ono popanda kutsomphola, pamene zala zinazo zili chete. Pa pisitolo ya mpweya lamulo limati kachitsuloko kasalole kukhethemuka ndi mphamvu yochepera magalamu 500, ndiye theka la paketi ya shuga. Kukoka theka la paketi ya shuga ndi chala chimodzi, mfuti ili kumapeto kwa mkono, osaigwedeza, ndilo luso limene munthu amaliphunzira kwa zaka.

Kugwedezeka kochepa kumakula kukafika patali. Pamwamba pa mfuti pali tizitsulo tiwiri toyang'anira: kanyanga kutsogolo ndi kampata kumbuyo, ndipo diso limaika kanyangako pakati pa kampata. Pa pisitolo ya mpikisano tizitsuloti timatalikirana pafupifupi masentimita 35. Kanyanga kakapatuka ndi milimita imodzi yokha, chipolopolo chimapatuka pafupifupi masentimita 3 pa mtunda wa mamita 10, ndipo kabatani kaja kamatsala kutali. Nchifukwa chake diso la katswiri limakhazikika pa kanyanga, chandamale nkumaoneka mwachimbuuzi.

Kufikira pano nkhani yakhala ya dzanja limodzi. Kugwira ndi manja awiri kudatchuka ku America. Pa mipikisano ya changu imene inkachitikira ku Big Bear, m'chigawo cha California, ambiri ankaombera ndi dzanja limodzi mfuti ili cha m'chiuno, ndipo ankaphonya kwambiri. Wapolisi wina, Jack Weaver, adayamba kugwira ndi manja onse awiri ndi kukweza mfuti kufika m'maso, dzanja limodzi likukankhira kutsogolo, linalo likukokera kumbuyo. Adapambana mu 1959, ndipo kaimidwe kameneko kamatchedwa ndi dzina lake mpaka lero. Mu 1976 kudabadwa bungwe la IPSC loyendetsa mipikisano ya mtundu umenewu, mtsogoleri wake woyamba ali Jeff Cooper. Mpikisano wake wa dziko lonse wa 1977 udachitikira pafupi ndi kuno, mu mzinda wa Salisbury umene lero ndi Harare, ndipo adapambana ndi Dave Westerhout wa komweko. Ya 1979 ndi 1981 idachitikira ku South Africa.

M'zaka za m'ma 1980 akatswiri awiri a ku America, Rob Leatham ndi Brian Enos, adatchukitsa njira ina imene ambiri amatsata masiku ano. Woombera amayang'anana ndi chandamale chifuwa chonse, mikono yonse iwiri itatambasuka mofanana, mawondo atapinda pang'ono, thupi litaweramira kutsogolo. Chikhatho cha dzanja lothandiza chimadzaza mpata umene watsala pa chogwirira, zala zake zitakuta zala za dzanja linalo, ndipo zala zamanthu zonse ziwiri zimaloza kutsogolo. Dzanja lothandizalo ndilo limafinya kwambiri, kuti chala chokhethemulira chikhale chomasuka. Leatham adakhala katswiri wa dziko lonse mu 1983, 1986 ndi 1988. Chiphunzitso cha anthu amenewa chinali chakuti mfuti siiletsedwa kudumpha. Imaloledwa kukwera ndi kubwerera yokha pamene idachokera, njira yomweyo nthawi iliyonse, diso likutsatira kanyanga kaja popita ndi pobwera.

Dzanja silingadekhe thupi likugwedezeka. Mapazi amatalikirana molingana ndi mapewa. Woombera amayesa kaimidwe kake potsinzina, kukweza mfuti, ndi kutsegula maso. Akapeza kuti yaloza pambali, amasuntha mapazi m'malo mokhotetsa mkono. Amapuma bwinobwino, natulutsa mpweya pang'ono, nkuleka kupuma kwa masekondi ochepa. Ngati mfuti siinalire m'masekondiwo amaitsitsa ndi kuyambanso, chifukwa mkono wotopa ndi diso lotopa zimanamiza. Ikalira, saitsitsa msanga. Amakhalabe chiloze kwa sekondi imodzi kapena awiri ngati kuti siinalire, chimodzimodzi mlenje wanzeru wa gogodera uja amene ankadikira onga kuti ugwire moto. Zotsekera m'makutu zimateteza makutu ku ugonthi, ndiponso zimachepetsa mantha a phokoso amene amabala kudzidzimuka.

Pa Olimpiki ya Paris mu 2024 anthu a dziko lonse adachita chidwi ndi Yusuf Dikeç wa ku Turkey, bambo wa zaka 51, amene ankaombera atavala magalasi wamba, dzanja lina lili m'thumba. Iye ndi mnzake Şevval İlayda Tarhan adapata mendulo ya siliva, yoyamba ya dziko lawo pa masewera oombera. Ambiri adayesa kuti kupisa dzanja m'thumba ndi matama, pamene ndi chizolowezi cha oombera ndi dzanja limodzi: dzanja lopanda ntchito amaliika m'thumba kapena pa lamba kuti lisalendewere ndi kugwedeza mapewa. Kudekha kumene anthu adakuona kudachokera m'zaka zambiri, pakuti iyi inali Olimpiki yake yachisanu chiyambire mu 2008.

Mbiri yoposa zonse ndi ya Károly Takács, sajeni wa asilikali a ku Hungary. Mu 1936 adamukaniza kupita ku Olimpiki ngakhale anali katswiri, chifukwa nthawi imeneyo ankaloleza maofesala okha. Mu 1938 bomba la m'manja lidamuphulikira pa maphunziro a usilikali, niliononga dzanja lake lamanja limene ankaombera nalo. Atachira adayamba kuphunzitsa dzanja lamanzere mwakachetechete, ndipo mu 1939 adapambana mpikisano wa dziko lake. Nkhondo yaikulu idalepheretsa Olimpiki ya 1940 ndi ya 1944. Adadikira mpaka 1948, ndipo ku London, ali ndi zaka 38, adapata mendulo ya golide pa mpikisano wa changu wa mamita 25. Adabwerezanso ku Helsinki mu 1952. Dzanja limene lidadziwa ntchito lidatayika, koma chidziwitso cha kagwiridwe chidatsala mwa munthuyo, ndipo adachisamutsira ku dzanja lina mwa kubwerezabwereza.

Kubwerezako, mbali yaikulu, kumachitika popanda chipolopolo. Akatswiri amathera maola ambiri akukhethemula mfuti yopanda kanthu moyang'anana ndi khoma loyera, diso lili pa kanyanga, kuti aone ngati kagwedezeka. Popeza palibe kulira kapena kukankha, thupi limaphunzira kukoka popanda mantha, ndipo chizolowezicho chimapita nalo ku bwalo la mpikisano.

Kuno ku Malawi luso loombera lidakula makamaka pakati pa asilikali ndi apolisi. Asilikali a Chisikh ochokera ku India adafika m'dziko muno mu 1891, ndipo kwawoko bwalo lophunzirirapo kuombera amalitcha chandmari, mawu amene khutu silichedwa kuwafanizira ndi chandamale. Mu 1902 kudakhazikitsidwa gulu la King's African Rifles, lija akuluakulu ankati Keyala, limene amuna ambiri a dziko lino adatumikiramo. M'boma la Dowa momwemo, ku Mvera, kuli malo a asilikali. Mnyamata kapena mtsikana wa kwa Msakambewa amene adzalembedwa usilikali kapena upolisi adzakumana ndi zimene zakambidwazi pa bwalo la maphunziro. Kwa iye nkhaniyi iposa masewera, chifukwa chipolopolo chophonya sichibwerera mu mpope. Chimapitirira mpaka chitapeza chinthu, ndipo chinthucho chikhoza kukhala mwana wa munthu.

Nchifukwa chake masewerawa ali ndi mwambo wokhwima. Mfuti iliyonse imatengedwa ngati ili ndi chipolopolo. Siilozedwa kwa munthu, ngakhale mwanthabwala. Chala sichikhudza chokhethemulira mpaka mfuti italoza chandamale, ndipo woombera amayamba wadziwa chimene chili kuseri kwa chandamalecho. Wophwanya mwambo umenewu amachotsedwa pa mpikisano, kaya ndi katswiri wotani. Omvera akumbukirenso kuti m'dziko muno kusunga mfuti popanda chilolezo chochokera ku Polisi ndi mlandu waukulu, ndipo kuphunzira kuombera kumayenera kuchitika pa bwalo lovomerezeka, pamaso pa mphunzitsi.

Dziko la Malawi lidayamba kupita ku Olimpiki mu 1972 ku Munich, ndipo mpaka pa masewera a Paris mu 2024 linali lisanapate mendulo. Pa masewera a chandamale, Areneo David adaimirira dziko lino ndi uta ndi mivi ku Rio de Janeiro mu 2016 ndiponso ku Tokyo mu 2021. Masewera otere safuna msinkhu wautali kapena liwiro la miyendo. Takács ndi Dikeç adapata mendulo pa zaka zimene osewera mpira amakhala atapuma kale. Anyamata olasa mbalame ndi legeni m'mphepete mwa phiri la Kongwe amadziwa kale kuti wokoka mphira mwaphuma amabwerera chimanjamanja, ndi kuti mwala ukachoka dzanja liyenera kukhalabe pomwe linali. Makolo adati kuona maso a nkhono nkudekha. Alenje a gogodera adazionera pa nguluwe za m'munda, ndipo akatswiri a pisitolo amazionera pa kabwalo ka mamilimita 11.5. Nkhani ya lero yathera pomwepa.